Wobwera Chimanjamanja: Kuunika Buku la Fragments la Ayi Kwei Armah

Munthu wochokera kutali amalandiridwa ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, "Mwayenda bwanji?" ndipo limafunsidwa mokweza anthu onse akumva. Lachiwiri silituluka pakamwa kawirikawiri, koma limaoneka m'maso mwa achibale pamene akuwerenga zikwama zimene zikutsitsidwa m'galimoto: "Mwatitengerako chiyani?" Amene wayankha bwino funso lachiwirili amakhululukidwa zambiri, ngakhale aziphotchola chinenero cha makolo ake kapena kukana nsima ya mgaiwa. Koma amene wabwera chimanjamanja, makamaka akatulukira mwadzidzidzi popanda kalata kapena uthenga, amazindikira msanga kuti kwawo kumene wakhala akukulota zaka zonse kuja sikukumudziwa, ndipo naye sakukudziwa.

Pa mabuku a alembi a mu Africa amene ndawerengapo, sindidapeze lina lofukula nkhani imeneyi mozama kuposa Fragments, lolembedwa ndi Ayi Kwei Armah wa ku Ghana. Ambiri akaliwerenga amagamula kuti achibale adyera adapengetsa mnyamata wanzeru. Chigamulo chimenechi chili ndi pogwira, koma kwa ine n'chosakwanira. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti pa tsiku lobwera, mbali zonse ziwiri zimakhala zikudikira katundu. Achibale amadikira galimoto ndi ndalama, pamene wobwerayo amadikira kupeza dziko limene adaliumba yekha m'mutu ali kutali. Onse akagwiritsidwa mwala pamabuka chisokonezo chimene Armah adachijambula mwaluso, ngakhale kuti pogawa mlandu adakondera mbali imodzi.

Armah adabadwira mumzinda wa Takoradi m'chaka cha 1939. Mu 1959 adapita ku America komwe adaphunzira pasukulu ya Groton, kenaka payunivesite ya Harvard. Atagwirako ntchito yomasulira m'dziko la Algeria, adabwerera kwawo mu 1964 ndipo adalembedwa ntchito yolemba mapulogalamu pawailesi yakanema ya boma. Buku lake loyamba, The Beautyful Ones Are Not Yet Born, lidatuluka mu 1968, ndipo Fragments lidatsatira mu 1970. Dzina la bukuli tingalimasulire kuti zibenthu, zija zimatsala mtsuko ukasweka. Choncho mlembiyu sadalembe zongomva. Adalemba za njira imene adaipondapo, m'dziko limene lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1957 ndi chiyembekezo chachikulu, koma pofika 1966 asilikali adali atachotsa Kwame Nkrumah pampando.

Mpangankhani wamkulu ndi Baako Onipa, mnyamata amene adakhala zaka 5 ku America akuphunzira luso lolemba. Ali komweko adadwalako matenda a maganizo, ndipo pobwerera sadauze aliyense wa kwawo tsiku lofika. M'ndege adakumana ndi Henry Robert Hudson Brempong, bambo wozolowera maulendo a ku Ulaya, amene ulendo wonse ankakamba za magalimoto ndi katundu wina amene adagula. Ndege itatera ku Accra, Brempong adachingamiridwa ndi chinamtindi cha achibale. Adamuyalira nsalu zamtengo wapatali kuti apondepo, ndipo mlongo wake adamuthira shampeni kumapazi. Baako adangoimirira pambali n'kumaonerera. Kenaka adakwera takisi n'kukagona kuhotela, ngati mlendo mumzinda wa kwawo.

Kunyumba kudali mayi ake a Efua, mlongo wake Araba ndi mwamuna wake Kwesi, komanso agogo ake aakazi a Naana, nkhalamba yosaona imene ena onse ankaiona ngati chipsinjo. Chimwemwe choona mwana wawo chisadazilale, a Efua adamufunsa kuti galimoto yake ifika liti. Ntchito adaipeza movutikira pawailesi yakanema yotchedwa Ghanavision, koma masewero amene adalemba sadajambulidwe. Adasiya ntchitoyo, natentha zolemba zake. Pambuyo pake adadwala, ndipo achibale ataona kuti akungodzilembera zinthu yekhayekha adagamula kuti wapenga. Adamuthamangitsa m'misewu anthu akuthandizira, adamumanga n'kukamusiya kuchipatala cha amisala. Kumeneko ankadziimba mlandu yekha kuti adalakwa pobwera wopanda katundu.

Luso loyamba la Armah lili pa kuika kufika kwa anthu awiriwa pamodzi. Brempong ndi Baako adatsika ndege imodzi, koma sadafike m'dziko limodzi. Brempong adalengeza za kubwera kwake, choncho aliyense ankadziwa gawo lake: wina kuyala nsalu, wina kululutira, iye kugawa mphatso. Mwambo wolandira mlendo uli ngati mlatho. Umapatsa wobwerayo dzina latsopano ndi malo okhala pakati pa anthu ake. A ku Ghana adali nalo kale dzina la munthu wotere, ankati been-to, kutanthauza amene adapondako kwa azungu. Baako pobwera mozemba adakana dzinalo, koma analibe lina loti alowetse m'malo mwake. Ife Amalawi tikuidziwa mphamvu ya kubwera kolengezedwa. Pamene Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula ndi anthu m'Chingerezi kudzera mwa womasulira. Komabe khamu lidamulandira ndi manja awiri chifukwa amene adamuitana adali atamukonzera kale ntchito yoti adzagwire. Chilendo cha munthu chimapepuka ngati anthu akudziwa chimene wabwerera.

Zimene zidamuchitikira Baako akatswiri adali ataziona kale. Mu 1945 Alfred Schütz, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, adalemba nkhani yotchedwa The Homecomer poganizira asilikali amene ankabwerera kwawo kuchokera ku Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Iye adaona kuti munthu wopita kuchilendo amayembekezera kale kudabwa, motero amakonzeka. Koma wobwerera kwawo amadziona ngati akudziwa zonse, ndiye zinthu zikamudabwitsa zimamupweteka kawiri. Adaonanso kuti otsala pakhomo amasunga chithunzi cha munthu amene adachoka, osati amene akubwerayo. Mu 1963 John ndi Jeanne Gullahorn, atafufuza za anthu a ku America amene adakaphunzira ndi kukaphunzitsa kunja, adafanizira ulendo wa mtima wa munthu wotere ndi chilembo cha W: mtima umatsika akafika kuchilendo, umakwera akazolowera, n'kutsikanso akabwerera kwawo. Chimene Armah adaonjezera pa nzeru zimenezi n'chakuti m'dziko losauka kutsika kwachiwiriko sikukhala kwa munthu mmodzi. Banja lonse limatsika naye limodzi, chifukwa ulendowo udali chuma cha banja.

Pofuna kufotokoza njala ya katunduyi, Armah adabwereka chifanizo kuchokera kuzilumba za Melanesia m'nyanja ya Pacific. Kumeneko anthu ena ataona sitima ndi ndege zikutsitsa katundu wa azungu, makamaka pa nthawi ya nkhondo ija, adakhulupirira kuti katunduyo amachokera kwa mizimu ya makolo. Ena adalambula mabwalo a ndege m'tchire n'kumadikira kuti tsiku lina gawo lawo lidzatera. Baako m'zolemba zake adaona kuti munthu wophunzira kunja wasanduka mzimu wotere. Amachoka ngati wamwalira, ndipo otsala amadikira kuti adzawatumizire zabwino za kudziko losaonekalo. Palibe amene amafunsa kuti katunduyo amapangidwa bwanji, kapena ngati angapangidwe konkuno. Chiphiphiritso chimenechi n'chowawa, koma aliyense amene adaperekezapo mbale wake kubwalo la ndege, mndandanda wa zofuna uli m'thumba, sangachikane.

Pampondachimera pa nkhani ya pabanjayi ndi imfa ya khanda la Araba. Mayiyu adapita padera kangapo, ndipo pa ulendo uno adapulumuka chifukwa Baako adamuthamangitsira kuchipatala n'kumupatsa magazi ake. Pamwambo wa Aakani, mtundu wa Baako, khanda limasungidwa m'nyumba masiku 7 ndipo limatulutsidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, monga momwe kwathu kuno mwana amakhalira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Koma a Efua ndi Araba adafupikitsa masikuwo kuti mwambo uchitike anthu atangolandira malipiro, matumba asadaphwe. Pamwambopo khanda lidagonekedwa poyera, fani yamagetsi ikulipemerera, uku a Efua akutchula maina a opereka ndalama kuti alendo apikisane. Mwanayo adamwalira posakhalitsa. Apa Armah akutiuza kuti mwambo sudafe, koma udasanduka msika. Chikopa chake chilipo, mtima wake udachoka. Ichi ndicho chimamusokoneza kwambiri munthu wobwerera kwawo. Akadapeza zonse zitasinthiratu akadangovomereza kuti wafika kwina, koma amapeza nyimbo zomwe zija, mawu omwe aja, tanthauzo lokha ndilo lina.

Gawo la kuntchito ndi limene limandikhudza kwambiri, poti ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 20. Baako adapondaponda kuofesi yolemba anthu ntchito, kalaliki akumuuza mozungulira kuti aonepo chochita, mpaka mphunzitsi wake wakale, Ocran, adachita kumutengera kwa mlembi wamkulu wa unduna. Ku Ghanavision, mkulu wa pamalopo, Asante-Smith, adamuuza kuti filimu imene ilipo ndi yojambulira zochitika za atsogoleri ndi masiku a zikondwerero za dziko. Mawailesi akanema amene adayenera kugawidwa kumidzi adagawana ndi mabwana okhaokha, ndipo antchito awiri otsika adalimbirana imodzi yotsala mpaka idaphwanyidwa. Paulendo wina Baako adaona dalaivala wa lole, Skido, amene adadikira pantoni masiku angapo katundu wake wa zakudya akuonongeka, akumira m'madzi ndi galimoto yake polimbirana malo. Atakadandaula kwa injiniya woyang'anira, bwanayo sadaone chachilendo.

Zithunzi zimenezi sindizitenga ngati nthano ya ku Ghana kokha. Ndaona anzathu akubwera kuchokera kumaphunziro a kunja maso ali gwa, akufuna kuti msonkhano wa 9 koloko uyambedi 9 koloko, akulemba malipoti a momwe tingafupikitsire ulendo wa fayilo kuchoka pa tebulo lina kufika pa lina. Anthu amawamvetsera mwaulemu, n'kuwauza kuti, "Bwana, kuno ndi kwathu, muzolowera." Pakatha miyezi ingapo ena amangokhala chete, ena amafunsira ntchito kumabungwe omwe si aboma, ndipo ena amaphunzira msanga kuwerengera maalawansi kuposa ife amene tidatsala. Palibe amene amawatsekera pakhomo. Amangosowa munthu wowafunsa chimene adaphunzira. Armah adaona bwino kuti ofesi ingathe kulandira satifiketi ya munthu n'kumukweza nayo pantchito, koma nzeru zimene satifiketiyo ikuimira n'kuzisiya pakhonde.

Kufika apa ndikugwirizana naye mlembiyu. Koma pali mbali zitatu zimene ndikuona kuti bukuli lidatsimphina, ndipo zonse zikuchokera pa chikondi chimene Armah adali nacho pa Baako.

Choyamba, Baako nayenso adabwera akudikira katundu wake, ngakhale bukuli silimutchula choncho. Iye adasankha kanema poganiza kuti zithunzi zimafika ngakhale kwa anthu osadziwa kuwerenga. Cholinga n'chabwino. Koma masewero amene adalemba, okamba za ukapolo ndi kuponderezana, adali odzaza ndi ziphiphiritso zozama zimene adazilingalira yekha. Sitimuona atakhala pansi ndi asodzi, amayi a pamsika kapena madalaivala onga Skido kuti amve nkhani zimene iwo akadafuna kuonera. Adafika ndi mankhwala m'thumba asadamufunse wodwala pamene pakuwawa. Asante-Smith adakana masewerowo pa zifukwa zoipa, izi n'zoona, koma munthu woipa akhoza kunena mawu okhala ndi kachoonadi. Monga momwe a Efua ankayembekezera galimoto yotsika m'sitima, Baako ankayembekezera mtundu wa anthu okonzeka kale kulandira uthenga wake. Awiri onsewa adalambula bwalo la ndege, ndipo ndege sidatere.

Chachiwiri, Baako ndi munthu wosalankhula, ndipo mlembi akuoneka kuti akuwerengera kukhala chete kwakeko ngati umboni wa kuyera mtima. Aakani amatsata mbumba ya kuchikazi monga Achewa, Ayao ndi Alhomwe. Choncho pa khanda la Araba, Baako adali malume, mwinimbumba weniweni. A Naana adamuuza poyera kuti mphamvu yoletsa kufupikitsa mwambo ija idali m'manja mwake, osati mwa bambo wa mwanayo. Iye adangong'ung'udza pang'ono, kenaka adavomera kukhala woyendetsa mwambo womwewo. Apa mpamene padali mwayi woti maphunziro ake ndi nzeru za agogo ake zigwirane manja n'kupulumutsa moyo. Armah adaionetsa ndithu mfundoyi, koma adaidutsa mofulumira, ndipo owerenga ambiri amatseka buku akukumbukira fani ndi mbale ya ndalama, osati malume amene adaopa kukangana ndi mayi ake. Kwa ine, chilendo chenicheni cha Baako chidaonekera pamenepa. Zaka 5 za kunja zidamuphunzitsa kuona zolakwika, koma zidamuiwalitsa kuti pakhomo ali ndi udindo umene ungathe kukonza zina mwa zolakwikazo.

Chachitatu, bukuli silitilowetsa mokwanira mumtima mwa a Efua. Timaona dziko kudzera m'maso mwa Baako, m'maganizo mwa a Naana, ndi mwa Juana, dokotala wa matenda a maganizo wochokera ku Puerto Rico amene adakhala bwenzi la Baako. Onse atatuwa ndi anthu oima pambali: wina wobwera kumene, wina nkhalamba yonyozedwa, wina mlendo. Mayi amene adabereka, kulera ndi kudikira zaka 5 timangowaonera kunja. Komabe ndime yogwira mtima kuposa zonse m'bukuli ndi yawo. Tsiku lina adamutengera mwana wawo kukamuonetsa maziko a nyumba imene adaiyamba ali ndi chikhulupiriro chakuti iye akadzabwera adzaimaliza, ndipo adaulula kuti mumtima adali atamusungira mkwiyo koma tsopano amumasula. Amenewa si mawu a munthu wadyera chabe. Ndi mawu a mayi amene alibe penshoni ina koma mwana wake. Armah akadawapatsa a Efua mutu umodzi wokha woti alankhule okha, monga adachitira ndi a Naana, bukuli likadakhala mlandu wa mbali ziwiri. Mmalo mwake otsutsana ndi Baako ambiri adawajambula ngati zidole zoseketsa. Ngakhale maina awo ndi chipongwe: zilembo zoyamba za maina a Brempong, H.R.H., ndi zija amatchulira ana a mafumu a ku Britain.

Pa mfundo imeneyi Chinua Achebe adachita chilungamo choposa m'buku lake la No Longer at Ease la mu 1960. Obi Okonkwo nayenso adabwerera ku Nigeria kuchokera ku England n'kukhumudwitsa anthu a kwawo. Pamwambo womulandira adafika atavala shati chabe anzake atatchena, ndipo adalankhula Chingerezi chosavuta pamene anthu ankadikira mawu akuluakulu. Koma Achebe adaika ngongole poyera. Bungwe la anthu a ku Umuofia lidasonkha mapaundi 800 kuti Obi akaphunzire, ndipo ndalamazo zidayenera kubwezedwa. Owerenga amadziwa chimene anthu osaukawo adadzimana, choncho sangawaseke. Obi adayesa kukhala bwana amene onse ankamufuna, ngongole zidamupanikiza, ndipo adagwidwa atalandira chiphuphu cha mapaundi 20. Tikawaika pamodzi anyamata awiriwa tikuona msampha wonse. Amene adavomera kusenza katundu adathera m'khoti, amene adakana adathera kuchipatala cha amisala. Mabuku awiriwa ndi ofunika kuwerengera limodzi, chifukwa lililonse likunena chimene linzake lidasiya.

Wina angafunse kuti nkhani ya mnyamata wa digiri ya ku America ikutikhudza bwanji ife. Yankho lili m'mawu athu omwe. Chichewa chili ndi dzina lakuti mtchona, munthu amene adapita ku Joni kapena ku Halale n'kukhalitsa osabwerera. Ambiri mwa matchona sadatsale kunja chifukwa chokonda kumeneko, koma chifukwa choopa kufika pakhomo opanda njinga, wailesi, mabulangete kapena ndalama ya malata. Tidaonanso kubwera kwadzidzidzi kwa anthu ochuluka. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. M'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 adabwerera kumudzi. Mu May 2008 nzika zina za ku South Africa zitaukira alendo n'kupha anthu oposa 60, boma lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo zoterezi zidachitikanso mu 2015. Ambiri adatsika basi ndi kajumbo kokha m'manja.

Pali kusiyana kumene sitiyenera kukubisa. Baako adasankha yekha kubwera wopanda katundu, pamene anthu a m'mabasiwa adalandidwa kapena kusiya zonse pothawitsa moyo. Koma manyazi a pakhomo ndi amodzi. Sabata yoyamba anthu amathokoza Mulungu kuti wabwera wamoyo. Sabata yachitatu mkazi amayamba kukumbukira ndalama imene inkabwera mwezi ndi mwezi, alamu amakumbutsa za mbuzi imene idagulitsidwa kuti papezeke ya pasipoti, ndipo munda umene adausiya amapeza ukulimidwa ndi wina. Iye naye amayamba chiganizo chilichonse ndi mawu akuti "kuja ku Joni", mpaka anzake a pabawo amatopa naye. Timakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwambiwu ndi woona, koma sunena kuti kwanuko udzapeza malo ako akukudikira. Fragments likutikumbutsa kuti malo a munthu pakhomo amatsekeka pang'onopang'ono ngati kanjira kosapitidwa, ndipo pobwera amayenera kulambulanso.

Pa kalembedwe, bukuli si lophweka. Ziganizo za Armah n'zazitali ndipo amakonda kuima nthawi yaitali pa chinthu chimodzi, ngakhale chonyansa, mpaka wowerenga amve fungo lake. Mitu ya nkhani ili m'chinenero cha Aakani. Koma amene wapirira amapindula. Kumayambiriro Juana adaona gulu la amuna litazungulira galu wodwala n'kumupha mwankhanza, mwini wake, kamnyamata, akulira. Wowerenga amadzaikumbukira ndimeyi pamene khamu likuthamangitsa Baako, ndipo ndi kalosera wogwira bwino ntchito yake popanda mlembi kulozapo chala. Mutu woyamba ndi wotsiriza ndi mawu a agogo a Naana. Iwo amakhulupirira kuti chilichonse chopita chimabwerera, ndipo ndiwo adaonjezera nsembe ya chakumwa pa tsiku limene Baako ankanyamuka, ataona kuti malume ake, a Foli, adangodontheza pang'ono pofuna kusunga chotsalacho kuti amwe. Kandime kameneka kakuonetsa kuti umbombo udalipo kale mnyamatayo asadakwere ndege. Sadaubweretse ndi azungu okha, ndipo sudayambe chifukwa cha ulendo wake.

Ngakhale ndadandaula za kukondera, ndikuliika bukuli pakati pa mabuku ofunika kwambiri a mu Africa. Mphamvu yake ili pa kukana kutitonthoza. Pamapeto Baako akadali m'chipatala. Ocran akumulimbikitsa kuti asamvere achibale, Juana wamukonzera chipinda kunyumba kwake, koma palibe chotitsimikizira kuti adzachira. A Naana akumwalira akuona kuti zimene zidali chinthu chimodzi zasweka kukhala zibenthu. Ine sindikhulupirira kuti mankhwala a Baako ndi kuthawira kwa Juana n'kusiya mayi ake, monga bukuli likuoneka kuti likulozera. Chibale ndi fupa, sichiola. Chimene chidasowa m'nyumba ya a Efua ndi kukambirana. Ngongole idalipo, koma palibe amene adaitchula kukula kwake, ndipo ngongole yosatchulidwa siitha kubwezedwa. Mwana sadalembe kalata yonena kuti akubwera ndi mabuku okha. Mayi sadanene kuti pali maziko a nyumba amene akumudikira. Aliyense adasunga chiyembekezo chake mumtima mpaka chidasanduka mkwiyo.

Kwa anzanga olemba m'Chichewa, pempho langa ndi ili. Nkhani za munthu wopita kunja tili nazo zambiri, ndipo kawirikawiri zimathera pa chimodzi mwa ziwiri: wabwera ndi chuma n'kuyamba kunyada, kapena wabwera ndi matenda n'kulapa. Zimene sitidalembe mokwanira ndi za miyezi itatu yoyamba munthu atafika, pamene alendo asiya kubwera kudzamuona ndipo iye wayamba kusowa chochita ndi manja ake. Sitidalembenso mokwanira za odikira: mayi amene adaumba njerwa, mkazi amene adaphunzira kuyendetsa banja yekha ndipo tsopano akuuzidwa kuti abweze makiyi, mwana amene akuitana bambo ake kuti "amalume" poti sakuwadziwa. Armah adatipatsa mtima wa wobwera, ndipo adaulemba mosabisa kanthu. Mtima wa a Efua ukadali wosalembedwa, ndipo a Efua tili nawo ambiri ku Mzimba, ku Mangochi, ku Dedza ndi m'makwalala a Ndirande. Amene adzawapatse mawu adzakhala atamaliza nyumba imene Fragments lidangoika maziko ake.